Mbava Yaulemu ya ku South Bend

Mbavayo sinathyole chitseko. Sinaswe zenera. Inalowa ndi kiyi, dzuwa lili paliombo, ngati mwini nyumba amene wangoweruka ku ntchito.

Linali Loweruka la mwezi wa July, mumzinda wa South Bend. Msewu wa kwa Mayi Vainess Kalimbuka unali zii, kupatula makina otchetchera kapinga amene ankalira chapatali. Mbavayo inalunjika kuchipinda cha alendo, chifukwa inkadziwa chimene inadzera. Inatulutsa masutikesi anayi, awiriawiri, n'kukawalonga m'galimoto imene inaiimika kuseri kwa nyumba za ena. Kenako inakhoma chitseko bwinobwino n'kumapita.

Nthawi imeneyo mwini nyumba anali pamwamba pa phiri la mchenga, m'mphepete mwa nyanja ya Michigan, akujambulitsa uku akuseka.

Mayi Vainess anali namwino pa nyumba ina yosamalira okalamba. Koma Amalawi a ku Indiana sankawadziwa ndi unamwino ayi. Ankawadziwa ndi kunyamula katundu wa anthu. Mukudziwa mmene tilili ife. Munthu akangonena kuti ndikupita ku Malawi, m'mawa mwake pakhomo pake pamasanduka pa depoti. Uyu wabwera ndi foni ya amayi ake, uyu laputopu ya mwana wa ku koleji, uyu nsapato, uyu makina oyezera BP. Palibe kusainirana, palibe mboni. Chikole chake ndi dzina la wonyamulayo basi, ndipo dzina la Mayi Vainess linali lisanadepo n'kamodzi komwe. Chaka chimenechi m'masutikesimo munalinso diresi la ukwati. Analigula ndi Mayi Chawezi a ku Indianapolis, mkulu wa amayi a kutchalitchi, ndipo mwana wawo wamkazi ankalidikira ku Zomba, ukwati uli mu September.

Ulendo wa ku mchengawo anaukonza ndi Mervin Dzoole, mnyamata wamtali wa ku Beech Grove, pafupi ndi Indianapolis, wa pakamwa potsekemera. Ankachita hayala basi, kutenga anthu ku Indianapolis m'mamawa, kudzera ku South Bend kutenga otsala, kenako ulendo wa ku Indiana Dunes. Njira yonse ankaima kutsogolo ndi maikolofoni.

"Amayi ndi abambo, lero mukaona mapiri oyenda!" ankatero. "Mphepo imawakankha chaka ndi chaka mpaka amameza mitengo. Kukacha bwino mukaona nyumba zosanja za ku Chicago kutsidya kwa madzi. Chicago yaulere, yopanda thirafiki!"

Basi itaima, Mervin anatsika koyamba n'kuima pakhomo. Anatambasula manja onse awiri, bondo atapinda pang'ono.

"Amayi, ndikulandireni. Simungakwere mchenga ndi chikwama, mukafika pamwamba mutatheratu. Ndizisunga m'basi muno, ndiloka ndekha."

Mwana akatambasula manja awiri kuti akulandire katundu, munthu wamkulu sukana. Kukana n'kumutukwana. Amayi onse anapereka zikwama, n'kutsala ndi mafoni m'manja.

"Mwana ameneyu analeredwa," Mayi Chawezi anatero. "Enawa akangofika ku Amereka kuno moni amasanduka 'hayi'."

Tsikulo linakoma. Anakwera phiri akuwefuka, phazi likapita kutsogolo mchenga n'kulibwezera m'mbuyo. Anaiona Chicago ili mbuu kutsidya. Anatsikira kunyanja, anaviika mapazi m'madzi ozizira, anaimba nyimbo za kwaya mpaka azungu ena anaima kumawaonera. Madzulo aliyense analandira chikwama chake chili bwinobwino. Mayi Vainess anatsika basi ku South Bend dzuwa lisanalowe, anatulutsa kiyi m'chikwama, anatsekula chitseko.

Atafika kuchipinda cha alendo, anapeza masutikesi aja palibe. Pa kapeti panangotsala zizindikiro za mawilo.

Wapolisi wofufuza amene anabwera anali mayi wamfupi, wa maso akuthwa, dzina lake Tiffany Rybak. Anayang'ana loko, anayang'ana mazenera, kenako anakhala pansi n'kuyamba kufunsa m'Chingerezi.

"Wina ali ndi kiyi wa nyumba ino ndani?"

"Palibe. Ndimakhala ndekha."

"Kiyi wanu anali kuti lero?"

"M'chikwama mwanga. Tsiku lonse."

"Ndani ankadziwa kuti muli masutikesi muno?"

Mayi Vainess anapukuta misozi. "Amalawi onse a ku Indiana."

Tiffany anasiya kulemba n'kuwayang'ana. "Onse?"

"Ndinalengeza pa gulupu ya WhatsApp. Ndi mmene timachitira."

TV inalipo. Ndolo zawo zagolide zinali pa tebulo pomwe anazisiya. Mbavayo sinakhudze kanthu kalikonse ka mwini nyumba, ndipo zimenezi ndi zimene zinawapha Mayi Vainess.

Pofika Lamulungu masana gulupu inali itayaka moto. Anayamba ndi "pepani". Kenako mafunso. Kenako mafunso aja anamera mano. Mbava yanji yosiya TV n'kusankha za eni zokha? Mbava yanji yokhoma chitseko pochoka? Kiyi inamutenga kuti? Ku tchalitchi benchi imene anakhala Mayi Vainess inatsala ya iwo okha. Anthu omwe aja ankawagwadira ndi timaphukusi tawo tsopano ankawapatsa moni wa m'mphuno.

Lolemba Mayi Chawezi anaimba foni.

"Asisi, ine sindikufuna zambiri. Mafoniwo, malaputopuwo, zimenezo mudziwana ndi eni ake. Ingondiuzani kumene mwagulitsa diresi, ndikaliombole ndekha."

"Mayi Chawezi, mukundinena ine?"

"Nanga ndinene ndani? Chitseko?"

Foni inadulidwa. Patapita kanthawi mawu omwewo anafika pa gulupu, atawonjezeredwa mchere. Mayi Vainess anakhala pansi m'khitchini n'kulira ngati pamaliro. Katundu akanatha kugula wina, ngakhale pang'onopang'ono. Koma dzina limene analisunga zaka zonsezi linatha m'masiku awiri, ndipo mbiri inali itafika kale ku Malawi. Achimwene awo a ku Ntcheu anaimba foni kufunsa ngati zili zoona.

Anatsala ndi mnzawo mmodzi, Mayi Tusekele Mwangonde, amene ankagwira nawo ntchito komanso ankakhala ku South Bend komweko. Amenewa ankabwera tsiku lililonse akaweruka, kudzawakakamiza kudya.

Mervin naye anaimba.

"Amayi, pepani kwambiri. Mukukumbukira nanenso ndinabweretsa kaphukusi kanga ka agogo? Kapita nawo. Koma ine sindikukuganizirani ngakhale pang'ono. Ndikukupemphererani."

"Zikomo mwananga. Mulungu akudalitse."

Anamudalitsadi ndi mtima wonse.

Nyumba ya Mayi Vainess inali yogawana pakati, khonde limodzi, zitseko ziwiri. Mbali inayo kunkakhala mkulu wina wachizungu wopuma ntchito, Bambo Eugene, amene sabata imeneyo anali kwa mwana wawo ku Ohio. Anabwera Lachinayi. Atamva nkhaniyo anagogoda kwa Mayi Vainess.

"Belu la pachitseko panga lili ndi kamera. Limajambula khonde lonse, ndi mawu omwe."

Madzulo omwewo Tiffany anabwera. Anakhala anayi patebulo, Mayi Tusekele ali pomwepo, maso onse pa foni ya Bambo Eugene.

Munthuyo anatulukira chakumanzere. Anali wamfupi, wojintcha. Anavala kapu, masiki ndi magolovesi, moti nkhope sinkaoneka. Anaima pachitseko cha Mayi Vainess. Sanagogode. Sanaimbe belu.

"Odi!"

Anadikira, khutu ali tcheru.

"Odi kuno!"

Mayi Tusekele anagwira pakamwa.

"Akuti chiyani?" Tiffany anafunsa.

"Akupempha kulowa," Mayi Tusekele anayankha. "Kwathu sitigogoda kwenikweni. Timaima panja n'kuodira. Mbava ya kuno ikafuna kudziwa ngati muli munthu imaimba belu. Iyi ndi yathu, madamu. Ndi mwana wa ku Malawi ameneyu."

Pa kanemayo munthu uja anawerama n'kuvula nsapato.

"Safuna kusiya mapazi," Tiffany anatero.

"Mwina," Mayi Vainess anayankha. "Koma taonani pamene akuziika. Pakona pomwe alendo anga amaika. Abwezereni m'mbuyo pang'ono, Bambo Eugene."

Anabweza. Munthuyo atavula nsapato ya kumanja, anaitembenuza n'kuigogoda pa khoma. Munatuluka kanthu koyera, kosalala, kakuyenderera.

"Mchenga," Mayi Vainess ananong'ona.

M'misewu ya South Bend mulibe mchenga wodzaza nsapato. Iwo eni anali atakutumula wofanana nawo m'nsapato zawo Loweruka lomwelo. Munthuyu anachokera kunyanja. Anachokera kumene kunali basi. Ndipo anali ndi kiyi m'manja nthawi imene kiyiyo ankayenera kukhala m'chikwama.

Mayi Vainess anaimirira pang'onopang'ono.

"Madamu, ndinakunamizani osadziwa. Chikwama sichinali ndi ine tsiku lonse. Ndinachipereka."

"Kwa ndani?"

"Kwa Mervin. Tonse tinapereka."

Tiffany anatukula nsidze. "Munapatsa munthu chikwama muli makiyi a nyumba? Chifukwa chiyani?"

"Anatilandira ndi manja awiri."

Tiffany sanamvetse, koma analemba. Kenako ananena zimene Mayi Vainess sankafuna kumva. Wa pa kanemayo sanali Mervin. Mervin anali wamtali, ndipo anthu odzaza basi akanachitira umboni kuti sanachoke kunyanja. Kukayikira si umboni. Atamufunsa lero, akana, ndipo masutikesiwo asowa usiku womwewo.

"Ndiye tizingoyang'ana?" Mayi Tusekele anafunsa.

Mayi Vainess anatenga foni yawo n'kutsekula gulupu imene inkawatukwana ija. Pakati pa matukwanowo panali chithunzi cha basi ndi nyanja. Mervin ankaitanira ulendo wina mu August.

"Galu akadya mazira sasiya," anatero. "Asisi, inu simukufuna kupita ku Malawi?"

"Ine? Ndi tchuthi chiti?"

"Mukupita. Mulengeza mawa."

Mayi Tusekele anawayang'ana, kenako anayamba kuseka mpaka misozi.

M'mawa mwake uthenga unalowa pa gulupu. Mayi Tusekele ananena kuti abukitsa tikiti ya ku Malawi kumapeto kwa August, ndipo amene ali ndi katundu abweretse. Anthu akwathu sitichedwa kuiwala. Loweruka lisanafike pakhomo pawo panali patadzaza, wina aliyense akuyamikira kuti tsopano papezeka munthu wokhulupirika. Mervin sanachedwe. Anabwera ndi kaphukusi kokutidwa bwino.

"Anti, musavutike, ndikaika ndekha. Masutikesi ali chipinda chiti?"

Anamuonetsa. Anayang'ana uku ndi uku, akumwetulira.

"Koma anti, musananyamuke mukaoneko nyanja. Mpando wanu ndalipira ine. Ankolo nawonso abwere."

"Ankolo ali pa shifiti tsiku limenelo. Nyumba itsala yokha."

"Aaa, palibe vuto. Kuno n'kwabata."

Iye atangochoka, katundu wa anthu anasamutsidwira kwa Bambo Eugene. M'masutikesi munalowa majekete akale a m'nyengo yozizira ndi mabuku a unamwino.

Tsiku la ulendo linafika. Basi inaima ku South Bend cha m'ma 10 koloko m'mawa, itadzaza kale ndi a ku Indianapolis. Mayi Tusekele anakwera, anthu anawalonjera mwansangala. Kumbuyo kwawo kunakwera Mayi Vainess.

Phokoso lonse linazima.

"Komatu pali anthu ena opanda manyazi," Mayi Chawezi anatero mokweza, maso ali pa zenera. "Amayi, gwiritsani zikwama zanu."

Mayi Vainess anamva ngati awabaya ndi singano pamtima. Anafuna kutsika. Koma anayenda mpaka kumpando wa kumbuyo, mutu uli m'mwamba, n'kukhala. Mervin anabwera kudzawapatsa botolo la madzi.

"Musawamvere, amayi. Choonadi chidzaoneka."

"Chidzaonekadi, mwananga."

Ku Indiana Dunes zonse zinayenda ngati kale. Mervin anaima pakhomo, manja awiri, bondo lopinda. Zikwama zinaperekedwa, cha Mayi Tusekele pamodzi ndi zinzake. Amayi anamanga zitenje m'chiuno n'kuyamba kukwera. Dalaivala wa basi anapita kukagula khofi. Mervin anatsala, akuti akonze za pakingi.

Sanaone kuti pa benchi ina panali bambo ndi mayi ovala makabudula, akunyambita ayisikilimu. Anali apolisi a m'deralo, amene Tiffany anagwirizana nawo. Anaona galimoto yotuwa ikuima kuseri kwa basi. Anaona munthu wamfupi, wojintcha, akutsika n'kudutsa mumchenga wa m'mbali mwa msewu. Anaona dzanja la Mervin likutuluka pa zenera. Anajambula zonse, ndipo anaisiya galimotoyo ipite.

Ku South Bend, m'nyumba ya Mayi Tusekele, Tiffany ndi apolisi awiri anali atabisala kuyambira m'mawa. Itangodutsa 12 koloko anamva mapazi pa khonde.

"Odi!"

M'nyumba munali zii.

"Odi kuno!"

Tiffany analuma mlomo kuti asaseke. Panamveka nsapato zikugogodwa pa khoma, kenako kiyi akuzungulira. Munthuyo analowa ndi masokosi, analunjika kuchipinda, ananyamula masutikesi awiri. Anafika nawo pa balaza.

"Apolisi! Gona pansi!"

Anataya masutikesi n'kuliyatsa liwiro. Koma masokosi ndi matailosi sizigwirizana. Anatereraka asanafike pachitseko, miyendo m'mwamba, msana pansi, khu! Pomwe ankati adzuke, unyolo unali utalira kale m'manja.

Anamuvula masiki. Anali Shadrick Mwalabu, msuweni wake wa Mervin, amene ankakhala naye nyumba imodzi ku Beech Grove.

"Kiyi wakupatsa ndani?" Tiffany anafunsa.

"Ndinamutola."

"Kuti?"

"Pamsewu."

Tiffany anamuonetsa chithunzi chimene chinali chitangofika pa foni yake: iye, basi, ndi dzanja la Mervin. Shadrick anachiyang'ana nthawi yaitali. Khoswe wa padenga anaulula wa padzala.

"Ndi Mervin. Mapulani onse ndi ake. Ine ndimangonyamula, kenako ndimabweza kiyi basi isananyamuke."

"Katundu wa Mayi Vainess ali kuti?"

"M'galaja kwathu. Tinkadikira kuti zizizire kaye."

"Utilola tilowemo?"

Anagwedeza mutu kuvomera. Akumukweza m'galimoto, Tiffany sanathe kupirira.

"Ndiuze chinthu chimodzi. Umapempheranji kulowa m'nyumba imene wabwera kudzaba?"

Shadrick anaweramitsa mutu. "Ndimafuna ndidziwe ngati muli munthu. Komanso, madamu, pakamwa pamangonena pokha."

Kunyanja, Mervin anali m'munsi mwa phiri, akuyendayenda. Anaimbira Shadrick. Sanayankhe. Anaimbanso. Thukuta linayamba kutsika ngakhale kunkaomba mphepo. Atatembenuka anaona bambo ndi mayi a ayisikilimu aja akubwera, mabaji ali m'manja.

"Mervin Dzoole?"

Sanadikire funso lachiwiri. Kumsewu kunali kutaima kale galimoto ya polisi. Kumanja kunali nyanja. Njira inatsala imodzi yokha: kukwera phiri, kutsikira kuseri, kulowa m'nkhalango. Anati phazi thandize.

Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Mervin anayamba yekha, apolisi ali m'mbuyo, koma sizinamuthandize. Mchenga umene ankautamanda pa maikolofoni uja unamugwira m'miyendo. Akaponda, phazi linkamira mpaka m'kakolo. Pofika pakati anali akukwawa ndi manja, nsapato imodzi itatsalira m'munsi.

Pamwamba amayi anali atakhala pansi, akupuma n'kumayang'ana Chicago. Mayi Vainess okha ndi amene anali chiimire, chapatali pang'ono, chifukwa palibe anawaitana kuti akhale nawo. Iwo sankayang'ana Chicago. Ankayang'ana m'munsi. Foni yawo inanjenjemera. Uthenga wa Tiffany unali wa mawu awiri okha, wakuti wagwidwa ndipo waulula.

Anadzaza mpweya m'chifuwa. Mawu amene anatuluka anali asanawatulutsepo chifikireni ku Amereka.

"Wakubaaa! Wakuba uyooo! Mugwireni!"

Mfuu imeneyi Mmalawi safunsa kuti yachokera kuti. Amayi onse anadzambatuka nthawi imodzi, aliyense akumangitsa chitenje.

"Ali kuti? Ndani?"

"Mervin!" Mayi Tusekele anakuwa. "Amatenga makiyi m'zikwama zathu! Mnzake wagwidwa m'nyumba mwanga pompano! Ndi amene anaba kwa asisi Vainess!"

Mervin anatulukira pamwamba ali wefuwefu, mchenga uli m'kamwa ndi m'tsitsi. Anadzutsa mutu. Kutsogolo kwake kunali mpanda wa amayi, phewa ndi phewa, kuchokera uku mpaka uko.

"Amayi… ndipatseni njira… ndikufotokozerani…"

"Njira ya kuti, mwananga?" Mayi Vainess anafunsa.

Anayesa kuzemba chakumanzere. Mayi wina wa ku Indianapolis, wonyamula odwala tsiku ndi tsiku, anamugwira kolala n'kumubweza. Anayesa kumanja. Mayi Tusekele anamukwapula ndi chipewa kumaso. Anabwerera m'mbuyo, mchenga unagumuka pansi pa mapazi ake, ndipo anagwa chagada. Anagubuduka, n'kugubuduka, n'kugubudukabe, mpaka anakaima pamapazi pa apolisi awiri aja, amene anali asanafike n'komwe pakati pa phiri.

Unyolo utalira, nthungululu zinasweka pamwamba pa phirilo. Azungu a kunyanja anaimirira n'kuyamba kuomba m'manja, osadziwa n'komwe kuti akuombera chiyani.

Amayi anatsika onse. Mervin ataona Mayi Vainess anagwada mumchenga, manja ali kumbuyo.

"Amayi, chonde, tikambirane pachibale. Za apolisizi si zathu. Andidipota, andibweza ku Malawi. Ndibweza chilichonse."

Mayi Vainess anamuyang'ana. Analankhula mosakweza.

"Pamene ndinkatukwanidwa pa gulupu, chibale chinali kuti? Unandiimbira foni, iwe. Unati ukundipempherera. Ine ndinakudalitsa."

Apolisi anamudzutsa Mervin n'kumulowetsa m'galimoto, phazi limodzi lili ndi nsapato, lina sokosi.

Patapita miyezi khoti linawapeza olakwa onse awiri. Mervin anapatsidwa zaka zisanu ndi chimodzi, Shadrick zinayi. Koma mlandu wa Mayi Vainess sunadikire khoti. Unatha tsiku lomwelo, m'basi.

Anthu anali atakwera, aliyense akufufuza m'chikwama mwake. Dalaivala anali asanalize injini pamene foni ya Mayi Vainess inanjenjemeranso. Apolisi a ku Beech Grove anali atatsekula galaja. Masutikesi anayi analimo. Mafoni awiri okha ndi amene anali atagulitsidwa. Tiffany anatumiza zithunzi, ndipo chomaliza chinali cha diresi loyera, lili m'pulasitiki yake, losakhudzidwa. Analonjeza kuti akangomaliza kulijambula ngati umboni, alibweza.

Mayi Vainess anadzuka kumpando wa kumbuyo. Anayenda mpaka pamene panakhala Mayi Chawezi. Anangowapatsa foni.

Mayi Chawezi anayang'ana chithunzicho. Anaimirira, anapita kutsogolo, anatenga maikolofoni imene inasiyidwa pampando. Kenako mayi wamkulu uja, mkulu wa amayi onse, anagwada pakati pa basi.

"Amayi ndi abambo, mundimve. Wina ajambule aike pa gulupu, zifike mpaka ku Malawi. Ine Chawezi ndinaipitsa dzina la mayi awa pagulu, ndiye ndipepesanso pagulu. Ndinawatcha wakuba. Wakuba weniweni ndinkamuyamikira kuti analeredwa. Asisi Vainess, ndinakulakwirani. Ndikhululukireni."

Amene analemba zambiri pa gulupu anali atazyolika. Mayi Vainess anayesa kudzigwira, koma misozi inawapambana. Ulendo uno inali yachimwemwe. Anawerama n'kuwagwira Mayi Chawezi m'manja.

"Dzukani, asisi. Zatha."

Mayi Chawezi sanadzuke. Anayang'ana pansi, akupotokola nsonga ya chitenje.

"Ndilibe nkhope yofunsira. Koma diresilo… mukalinyamulabe?"

Mayi Vainess anapukuta m'maso pang'onopang'ono, anayang'ana anthu onse mmodzimmodzi, mpando ndi mpando, ndipo sanafulumire. Kenako anatenga maikolofoni.

"Ndikalinyamula. Ndikalipereka ndekha m'manja mwa mkwatibwi ku Zomba. Koma mumuuziretu kuti pa ukwatipo ine ndikakhala mpando wa kutsogolo, ndipo sindikavina ndi njala."

Basi inagwedezeka ndi nthungululu. Dalaivala analiza injini, ndipo njira yonse ya ku South Bend amayi ankalimbirana kuti akhale pafupi ndi Mayi Vainess.